Nkhokwe Yakale Imatsika Kuyambira Kumutu

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, kenaka katsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI:   Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya alimi kuno ku Mwase Lundazi, m'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase. Amayi, ngati muli pa mafuwa, sendezani wailesi pafupi. Abambo, itanani anyamata aja, chifukwa nkhani ya lero ndi yawo kwambiri. Ndiwo timawatuma kukwera pamwamba.

Mvula ikutsazika. Chimanga chayamba kuweramitsa mitu m'minda, mtedza ukudikira khasu, ndipo pakhomo paliponse maganizo ali pa kokasunga zokolola. Anzathu a kwa Mphamba mwambo wawo wa chaka ndi chaka amautcha Kulonga, ndipo dzinalo likunena ntchito imene ili kutsogolo kwathu tonse. Koma tisanalonge, ambiri tiyamba ndi kupasula. Nkhokwe ya chaka chatha yapendekeka, ina yafumbwa miyendo, ndiye pafunika kuichotsa kuti pamalopo paime yatsopano. Lero tikambirane za kapasulidwe ka nkhokwe zakale, makamaka zazitali zanjerwa ndi zasimenti, mopanda kutaya moyo wa munthu.

Tayang'anani m'mudzi mwanu mawa kukacha. Nkhokwe zosiyidwa zilipo zamitundumitundu. Pali zathu zija zansungwi ndi zamitengo, zokhala pa mphanda, zina zomata ndi dothi. Pali zanjerwa zozungulira zimene ena anamanga atatopa ndi makoswe ndi akuba. Pali zasimenti yopakidwa pa waya wa nkhuku, zimene alangizi ankazitcha Ferrumbu. Pali zamalata zooneka ngati mgolo waukulu, zimene zabwera posachedwapa. Ndiwonjezepo mabalani a fodya anjerwa, chifukwa ngakhale sasungamo chakudya, ndi aatali, ndi opanda kanthu m'kati, ndipo amagwa mofanana ndi nkhokwe. Kenaka pali zotsalira za nthawi ya NAMBOARD, bungwe lija linkagula chimanga kuyambira 1969 mpaka linathetsedwa mu 1989, ndi za makopaletivu a Eastern Co-operative Union. Akuluakulu mukukumbukira matumba a makilogalamu 90 ataunjikidwa pa madepoti. Bungwe losunga chakudya la FRA litabwera ndi lamulo la mu 1995, malo ena linawatenga, ena anangotsala, zipupa zikung'aluka, ana akuchitirapo masanje.

Chimene chandichititsa kusankha nkhaniyi n'chimene ndimaona ndikamayenda m'midzi. Munthu akufuna njerwa zochepa zokonzera khitchini kapena khola la nkhumba. Amapita pa nkhokwe yakale, nayamba kugomola pamene mkono wake ukufika mosavuta, ndiye kuti m'munsi. Lero achotsa khumi, mawa mnzake achotsa makumi awiri. Nkhokwe ija imaimabe, anthu n'kumati ndi yolimba. Sikuti ndi yolimba ayi. Ikungodikira tsiku la mphepo, kapena mbuzi yoti idzadzikande pa chipupa.

Tiyeni tiwerenge pamodzi kuti timvetse chimene chili pamwamba pa mitu yathu. Njerwa imodzi yootcha imalemera makilogalamu 3, zina kuposerapo, malinga ndi chikombole. Nkhokwe yozungulira yotalika mamita 3, yotambalala mamita 2, imadya njerwa pafupifupi 1,000. Mukaphatikiza matope omangira ndi pulasitala, kulemera kwake kumafika matani 3 kapena 4. Amenewo ndi matumba 60 mpaka 80 a makilogalamu 50. Inu amene munasenzapo thumba limodzi kuchokera pa ngolo kupita pa sikelo mukudziwa mmene msana umamvera. Tsono ganizirani matumba 80 akutsika nthawi imodzi pa mwana amene wakhala pamthunzi akukazinga chimanga.

Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi, ndipo mmisiri aliyense womanga amalidziwa. Chimene chinaikidwa pomalizira ndicho chiyambe kuchoka. Womanga anayamba ndi maziko, nakwera mzere ndi mzere, namaliza ndi denga. Wopasula ayambe ndi denga, atsike mzere ndi mzere, amalize ndi maziko. Zonse zimene ndinene kutsogoloku zikuchokera pamenepa.

(Kanyimbo kakafupi)

MUULUTSI: Musanagwire hamala, pali zoyamba kuchita, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa ngozi zambiri zimabadwira apa.

Choyamba, nkhokweyo ndi ya yani? Ngati ndi ya pabanja, kambiranani, chifukwa ina anamanga malemu agogo ndipo pali achibale amene mtima wawo udakali pomwepo. Ngati ndi shedi kapena thanki ya kopaletivu, ya sukulu, ya mpingo kapena ya boma, musaikhudze musanapite kwa a nyakwawa, kwa a komiti, ngakhalenso ku khonsolo. Chinthu chimene palibe akuchigwiritsa ntchito chimakhalabe ndi mwini wake.

Kenaka muizungulire masana, dzuwa likuwala bwino, mutaima patali. Yapendekera kuti? Ming'alu yake ikuyenda motani? Mng'alu wokwera ngati makwerero motsata mizere ya njerwa, kapena wotseguka kwambiri kumwamba kuposa kumunsi, ukunena kuti maziko atitimira mbali imodzi. Chipupa chotupa ngati mimba chasiyana kale ndi zinzake. Onani ngati mtengo wa mkuyu kapena wa kachere wamera pa mng'alu, chifukwa mizu yake imakhala ikukankha njerwa mwakachetechete. Onaninso m'mwamba. Ngati pafupi padutsa mawaya a magetsi, ntchito isayambe musanalankhule ndi a ZESCO. Lata kapena makwerero achitsulo akangogunda waya, nkhani yathera pomwepo.

Za mphanda ndi mitanda ya nkhokwe zamitengo, akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chiswe chimadya mtima wa mtengo n'kusiya khungwa looneka bwino. Tengani ndodo yaitali, mugogode muli chapatali. Mtengo wamoyo umayankha molimba, wofumbwa umalira ngati ng'oma yobooka. Malo oopsa kwambiri ndi pamene mphanda yalowera m'dothi, chifukwa mpamene chinyezi chimaoletsa, ndipo maso saonapo.

Inu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu muli ndi vuto linanso. Kuyambira 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park, midzi ya m'malire yakhala ikulandira alendo amenewa usiku. Njovu ikakankha nkhokwe, nthawi zina siigwetsa. Imathyola mphanda imodzi kapena kusuntha chipupa pa maziko, n'kupita. M'mawa mayi amathamangira kukawola chimanga chimene chatayikira pansi pake. Ndikumvetsa, chakudya cha ana chimenecho. Koma chonde amayi, kokani ndi khasu la mpini wautali kapena ndi mphanda ya mtengo muli kunja. Mutu ndi mapewa zisalowe pansi pa nkhokwe imene njovu yaigwedeza.

Tsopano za eni nyumba amene analowamo inu mutachoka. Nkhokwe yosiyidwa ndi mudzi wa makoswe, ndipo kumene kuli makoswe njoka siisowa. Mphiri imakonda kubisala pansi pa zinyalala, ndipo siithawa, imangodikira phazi. Mamba wolavula uja amalunjika m'maso. Mu denga mumakhala mavu, nthawi zina njuchi, ndipo munthu wolumidwa ali pa makwerero amaiwala kuti ali m'mwamba. Choncho lambulani udzu wozungulira tsiku loyamba, mugogode ndi ndodo yaitali, musiye usiku umodzi kuti zokwawa zisamuke. Ngati muli njuchi, itanani wodziwa kufula azichotse kaye. Valani magambuti ndi buluku lalitali. Nthata za makoswe musazipeputse. Mliri wa makoswe unabuka ku Nyimba mu 2015, m'chigawo chathu chomwe chino, ndipo umafala ndi nthata zimenezi. Khoswe wakufa musamugwire ndi manja.

Fumbi la m'katimo nalo ndi matenda. Muli nkhungu ya chimanga choola, mikodzo ya makoswe, ndi ndowe za mileme, zimene zimatha kudwalitsa mapapo. Wazani madzi musanasese, ndipo mumange pamphuno ndi pakamwa. Chophimba chogula cha fumbi ndicho chabwino. Ngati palibe, nsalu yonyowa yopinda kangapo iposa kungopita pamphuno poyera, ngakhale siitchinga zonse.

Pali chinthu china chimene sichioneka konse, ndicho mpweya. Nkhokwe zotsekeka bwino, zasimenti ndi zamalata, zinapangidwa dala kuti mpweya usalowe, anankafumbwe afere m'kati. Amene muli ndi zamalata mukudziwa kuti ena amayatsamo kandulo asanatseke kuti atherize mpweya wopuma. Chimene chimapha nankafumbwe chingaphenso munthu. Komanso alipo amene amaponyamo mapilisi aja otuwa ofukizira chimanga. Mapilisi amenewo akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine, wonunkha ngati adyo kapena nsomba yoola, ndipo wapha mabanja athunthu m'maiko osiyanasiyana, anthu atagona m'nyumba imene mwafukizidwa mbewu. Mukapeza botolo kapena chitini cha mapilisiwa m'nkhokwe yakale, musachitsegule, musachithire madzi, musachiponye pamoto kapena m'chimbudzi. Uzani alangizi a zaulimi a mu kampu yanu. Iwo akudziwa njira yofikira kwa a ZEMA, amene amayang'anira za mankhwala oopsa.

Ndiye nkhokwe yotsekeka itseguleni kumwamba ndi kumunsi, muisiye masiku awiri mphepo ikudutsamo. Musayese mpweya ndi machesi, chifukwa fumbi la mbewu likachuluka mumpweya limayaka mophulika. Pa chifukwa chomwecho musadule nkhokwe yamalata ndi galainda kapena moto wowotcherera muli fumbi m'kati. Ndipo mwana asatumidwe kulowa pa kabowo ka pamwamba poti iye ndi wochepa thupi. Zimenezi ndimazimva kawirikawiri, ndipo zimandiwawa mtima. Munthu akakomoka m'kati, wolowa kukamutenga nayenso amakomoka, ndipo maliro amakhala awiri.

(Nyimbo)

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu ya alimi, ndipo lero tikukamba za kupasula nkhokwe zakale. Tafika tsopano pa ntchito yeniyeniyo.

Sankhani tsiku louma, lopanda mphepo, ndipo muyambe m'mamawa. Mvula ikadali kugwa, dothi limakhala lofewa, makwerero amatitimira, ndipo matope omangira njerwa amakhala ngati phala. Lembani mzere pansi kuzungulira nkhokwe yonse, kutalika kwake kuchokera pa chipupa kukhale msinkhu wa nkhokweyo ndi theka. Ngati ndi ya mamita 4, mzere ukhale pa mamita 6. M'kati mwa mzerewo mulowe okhawo ogwira ntchito. Munthu mmodzi wamkulu asagwire china chilichonse, ntchito yake ikhale kuyang'ana chipupa ndi kuthamangitsa ana, agalu, nkhuku ndi mbuzi. Mumvane mawu amodzi oti akafuula, aliyense ataye chida n'kuthawa, ndipo aliyense adziwiretu kothawira, njira yake ikhale yopanda milu ya njerwa.

Mowa ubwere ntchito itatha. Ndikudziwa mwambo wathu wa dima, kuti oitanidwa kudzathandiza amayembekeza chipanda. Chipandacho chidikire mpaka njerwa yomaliza itatsika.

Nkhokwe yansungwi siivuta. Tulutsani zonse za m'kati, ngakhale zitsononkho. Denga lichoke loyamba, ndipo paja mutu umodzi susenza denga: anthu anayi kapena asanu, ndi mphanda zazitali, alinyamule mbali imodzi n'kulitsitsa. Wina asakwere pa phaka la nkhokwe yakale kuti akankhe denga ali pamwamba. Ngati ndi yomata, gobolani dothi kuyambira kumwamba, chifukwa dothilo ndilo lolemera. Mukatero masulani chipupa cha nsungwi, kenaka mitanda, mphanda zikhale zomalizira. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kudula mphanda ziwiri ndi nkhwangwa kuti nkhokwe igwe yokha. Wodulayo amakhala atawerama pansi pa katundu yense, ndipo mphanda yofumbwa imathyoka nkhwangwa isanafike pakati.

Yanjerwa imafuna kudekha. Makwerero asatsamire pa chipupa chimene mukugumula. Mangani nsanja yakeyake ya mitengo yolimba ndi matabwa, yoima payokha kunja kwa nkhokwe, yokhala ndi chogwirira m'chiuno. Ngati pamwamba pali chivundikiro cha konkire, samalani kwambiri, chifukwa kachivundikiro kooneka kakang'ono kamatha kulemera kuposa ng'ombe. Musaimepo. Muchiswe pang'onopang'ono muli pa nsanja, zidutswa zizigwera m'kati mwa nkhokwe mopanda munthu.

Kenaka njerwa, mzere umodzi kuzungulira mpaka mubwerere pamene munayambira, ndiye mzere wachiwiri. Chifukwa chake ndi ichi. Chipupa chozungulira chimalimba chifukwa njerwa iliyonse yagwirana ndi inzake ngati anthu ogwirana manja pa bwalo. Mukagumula mbali imodzi mpaka pansi, mbali yotsalayo imasanduka chipupa chachitali choima chokha, chopanda wochigwira, ndipo kamphepo kochepa kamachigwetsa. Muzitsitsa nsanja pamene chipupa chikutsika, kuti nthawi zonse muzigwira ntchito pakati pa chiuno ndi chifuwa. Dzuwa likalowa ntchito isanathe, siyani mutalinganiza msinkhu mbali zonse, ndipo mutchinge malowo ndi minga.

Njira imeneyi ili ndi phindu lake la m'thumba. Njerwa zomangidwa ndi matope zimachoka zathunthu mukazitenga ndi manja, mumangozipala ndi chikwanje n'kuziunjika. Zogwetsedwa nthawi imodzi zambiri zimasweka, mumatsala ndi zibuma zokwirira maenje. Njerwa 1,000 zathunthu ndi khitchini imeneyo, ndipo mwapulumutsa mitengo imene mukanadula kuti muotche uvuni wina.

Zasimenti ya pa waya zili ndi khalidwe lake. Mukaswa, chidutswa sichigwa, chimalendewera pa waya, ndipo mukadula wayayo chimabwera mokupiza. Dulani tizidutswa ting'onoting'ono, muli pambali, mutavala magalavu ndi choteteza maso. Ngati nkhokwe yamangidwa ndi malamba achitsulo kuzungulira, masulani lamba wapamwamba yekha, mugumule mpaka pa wotsatira. Kudula lamba wa m'munsi ndi kumasula thumba kumatako.

Pa balani ya fodya, yambani ndi malata, kenaka mitengo ya denga, ndipo mitanda ya m'kati yopachikapo fodya muzichotsa pokhapokha chipupa chatsika kufika pamene yalowera, chifukwa mu balani yakale mitandayo ndiyo imagwirizitsa zipupa zinayi. Mbali ya ng'anjo ndiyo yofooka kwambiri, njerwa zake zinapsa ndi moto zaka zambiri.

Wina anena kuti, aulutsi, zonsezi n'zochedwetsa, ife timangomanga chingwe n'kukoka ndi ng'ombe kapena thirakitala. Ineyo njira imeneyi sindiikonda, ndipo ndinene chifukwa chake. Mtengo ukadulidwa umagwa wathunthu, mbali imene mwausema. Nkhokwe ndi chigubu cha zidutswa. Mukaisema m'munsi ngati mtengo, ikhoza kukhala pansi chowongoka n'kumwaza njerwa mbali zonse, ikhoza kupotoka n'kugwera kumbuyo, kapena ikhoza kupendekeka n'kuima pomwepo, yosagwa komanso yosaima. Yachitatuyi ndiyo yoopsa kuposa zonse, chifukwa pamenepo mwamuna amachita manyazi, natenga hamala kuti akaimalize. Ku America, kumene mafamu a ng'ombe zamkaka ali ndi nkhokwe zazitali zasimenti zimene eni ake anasiya kugwiritsa ntchito, alimi afapo mwa njira yomweyi, akugomola m'munsi ndi hamala yaikulu n'kulephera kuthawa.

Ngati chipupa chawonongeka kwambiri moti munthu sangaime pafupi, ndipo palibe njira ina koma kukoka, mverani izi. Chingwe chitalike kawiri msinkhu wa nkhokweyo kapena kuposa. Chikolekeni kumwamba pogwiritsa ntchito nsungwi yaitali, osati pokwera. Pasakhale munthu pakati pa chokokacho ndi nkhokwe, kapena m'mbali mwa chingwe, chifukwa waya kapena tcheni chikaduka chimabwerera ngati chikoti ndipo chimathyola fupa. Pa thirakitala mangani pa chitsulo chokokera cha m'munsi. Mukamanga pamwamba, thirakitala imadzuka kutsogolo n'kugwera chagada pa woyendetsa. Ng'ombe zimadzidzimuka ndi phokoso, choncho wozitsogolera akhale wamkulu, osati kamnyamata kobusa. Ikagwa, dikirani fumbi lithe musanayandikire. Ikakana kugwa, tchingani malowo, aliyense abwerere kwawo, mukafune makina okumbira aja a mkono wautali.

Ndipo pali msinkhu umene ife a kumudzi tiyenera kuvomereza kuti si wathu. Chilichonse chopitirira mamita 4 kapena 5, chilichonse cha konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, thanki ya madzi ya pamwamba, chumuni cha fakitale, zimenezo n'za mainjiniya ndi makontilakita okhala ndi zida. Nkhokwe zikuluzikulu zija mumaziona ku Lusaka, ku Kabwe kapena ku Monze, ngakhalenso za ku Kanengo ku Lilongwe, palibe amene angazipasule ndi hamala. Ku Beirut, m'dziko la Lebanon, nkhokwe za padoko zinawonongeka ndi kuphulika kwa pa 4 Ogasiti 2020, koma mbali yake inatsala chiimire. Mbewu zotsalira m'katimo zinaola, zinatentha, mpaka zinayaka moto, ndipo pa 31 Julayi 2022 gawo lina linagwa lokha. Pafupifupi zaka ziwiri anthu akuiona itaima.

(Kanyimbo kakafupi)

MUULUTSI: Mawu awiri pa malata a asibesitosi, otuwa aja okhuthala, amene ankapangidwa ku Chilanga ndipo anafoleredwa pa mashedi, masukulu ndi nyumba zambiri za boma. Ali pa denga osasweka savuta kwenikweni. Akasweka kapena kuchekedwa amatulutsa timaulusi tosaoneka timene timakhala m'mapapo, ndipo matenda ake, kuphatikizapo khansa, amadzaoneka patapita zaka 20 kapena kuposa. Anyowetseni, masulani misomali, muwatsitse athunthu. Musawaponye pansi, musawapondepo chifukwa amaboola mosachenjeza, ndipo zidutswa zake musaphikirepo kapena kukazingirapo mtedza. Funsani a zaumoyo a ku khonsolo kokazitaya.

Nanga zitavuta, chipupa chagwera munthu? Woyamba ayang'ane ngati china chatsala cholendewera, chifukwa opulumutsa nawo amaphedwa ndi chotsalacho. Wina athamangire galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Fukulani ndi manja, kuyambira kumutu ndi pachifuwa kuti apume, makasu ndi mapiki akhale patali ndi thupi. Chotsani dothi m'kamwa ndi m'mphuno. Musamukoke miyendo kapena manja. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, mugonekeni pa chitseko, mmodzi atagwira mutu kuti usagwedezeke. Pamene pakutuluka magazi tsindikani ndi nsalu yoyera. Ndipo ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite ku chipatala cha ku Mwase Lundazi kapena cha pa boma tsiku lomwelo. Munthu wopsinjidwa amatha kukha magazi m'mimba osadziwa, ndipo minofu yophwanyika imatha kuwononga impso. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, chimenecho ndi chizindikiro choopsa. Wobayidwa ndi msomali wadzimbiri akafunse za katemera wa kafumbata. Wolavulidwa ndi njoka m'maso atsukidwe ndi madzi ambiri, kwa nthawi yaitali. Wolumidwa asatemedwe mphini pa balalo kapena kumangidwa chingwe cholimba, angonyamulidwa msanga.

Nkhokwe yatsika, koma ntchito siinathe. Mitengo ndi nsungwi zake musaziunjike pafupi ndi nkhokwe yatsopano. Nankafumbwe wamkulu uja woboola, amene anayamba kuoneka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kudzalowa kuno m'zaka za m'ma 1990, amaboola ngakhale mtengo wouma n'kubisalamo, kudikira chimanga chatsopano. Mukamangira nkhokwe yatsopano mitanda yakale, mwamusamutsa nokha. Mitengo ndi nsungwi zakalezo zisonkhezeni pamoto msanga zokolola zisanafike pakhomo, kapena muziotche pa malo olambula, kutali ndi madenga a udzu, madzulo opanda mphepo, madzi ali pafupi. Kuotcha nkhokwe ili chiimire pakati pa mudzi ayi. Mitengo yopakidwa mankhwala kapena oilo wakuda isaphikire nsima. Zulani misomali, tolani mawaya, kwirirani maenje a mphanda ndi kutsindira, kuti mwana kapena mwana wa ng'ombe asathyolemo mwendo. Njerwa ziunjikeni mosapitirira m'chiuno, chifukwa mulu wautali nawo ana amaukwera.

A nyakwawa, ndikupempheni mwaulemu. Pa msonkhano wa mudzi ukubwerawu, tumani anthu awiri ayende khomo ndi khomo, awerenge nkhokwe ndi mabalani amene apendekeka kapena agomoledwa m'munsi. Zimene eni ake ndi okalamba kapena amasiye, mudzi uwathandize tsiku limodzi. Zimene sizingapasulidwe mwezi uno zitchingidwe ndi minga lero lomwe.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Amene muli ndi mafunso kaperekeni kwa alangizi a mu kampu yanu, kapena mulembe kalata kuno ku wailesi, tidzawayankha. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za kuyanika chimanga ndi mtedza, ndi mmene mungadziwire ndi botolo ndi mchere ngati zauma mokwanira kuti zilowe m'matumba aja osalowa mpweya. 

(Nyimbo yotsekera)